Digiri ya HR ili m'manja, nanga bwanji abwana akuti sadziwa ntchito?

Tiyerekeze mtsikana amene wangovala kumene gauni. Digiri yake ndi ya kayendetsedwe ka anthu ogwira ntchito, maphunziro amene tonse timangowatchula mwachidule kuti HR. Mwayi wamugwera, walembedwa pakampani ina yonyamula katundu. Lolemba lachiwiri chiyambireni ntchito, abwana akumuponyera fayilo patebulo. Dalaivala wina wajomba masiku anayi, sanatsanzike, foni inali yothima. "Mulembereni kalata ameneyu. Dzuwa likamalowa ndisamuonenso pano."

Mtsikanayo si mbuli. Mukamufunsa za Maslow ndi makwerero a zosowa za munthu akuyankhani osapumira, ndipo mayeso a malamulo a ntchito anakhoza bwino. Akukumbukanso kuti gawo 57 la Employment Act ya 2000 limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe mpata wodziteteza. Chamuzunguza mutu n'china. Kalata yoitanira munthu kukomiti yosungitsa mwambo imayamba ndi mawu otani? Mlandu aulembe bwanji kuti dalaivalayo adziwe chimene akukayankha? Pampando akhale ndani, poti abwana omwewo ndiwo odandaula? Ndipo choposa zonse, ayambire pati kuwauza abwana amene amulemba ntchito sabata yathayi kuti kalatayo lero situluka?

Apa ndi pamene pagona mkangano umene timaumva kawirikawiri pamisonkhano ndi m'manyuzipepala. Olemba ntchito amati masukulu a ukachenjede akutulutsa ana odziwa mabuku okha. Aphunzitsi amayankha kuti yunivesite si malo ophunzirira kulemba memo, ndipo makampani akufuna kukolola pomwe sanalime. Pakati pawo pali gulu lachitatu, mabungwe a akatswiri a ntchitoyi, amene amati ali ndi muyeso wothetsera mkanganowo. Kuti timve chimene aliyense akunena, tiyenera kumasula mawu angapo amene amangoponyedwa ngati kuti tonse timawamva chimodzimodzi. Chitsanzo chachikulu nditenga cha ku Britain, chifukwa kumeneko nkhaniyi yayenda ulendo wautali, komanso maofesi athu ambiri anatengera kachitidwe ka konko.

Ntchito imene yasintha dzina kangapo

Wa HR amayang'anira ubale wa pakati pa wolemba ntchito ndi wolembedwa, kuyambira tsiku limene munthu waponya kalata yofunsira ntchito mpaka tsiku limene wapuma, wasiya, wachotsedwa kapena wamwalira. Mkati mwake muli kulemba anthu, malipiro, tchuthi, maphunziro a pantchito, mwambo, penshoni ndi kukambirana ndi mabungwe oimira antchito.

Ntchitoyi inayamba pang'onopang'ono. Mu 1896 fakitale ya banja la Rowntree mumzinda wa York, yopanga chokoleti ndi maswiti, inalemba mayi wina dzina lake Mary Wood kuti aziyang'anira umoyo wa amayi ndi atsikana ogwira ntchito m'menemo. Mu 1913 anthu a ntchito yotereyi anakumana ku York komweko n'kukhazikitsa Welfare Workers' Association. Mamembala oyamba analipo 34, ndipo 29 mwa iwo anali amayi. Bungwe limenelo ndilo kholo la CIPD ya lero, bungwe la akatswiri a HR ku Britain, ndipo mayina amene lakhala likusinthasintha akufotokoza okha mbiri ya ntchitoyi. Mu 1931 linakhala Institute of Labour Management, mu 1946 Institute of Personnel Management, mu 1994 linaphatikizana ndi bungwe la ophunzitsa anthu pantchito, ndipo mu 2000 linalandira chikalata chachifumu n'kukhala Chartered Institute of Personnel and Development. Ku America nako, bungwe limene linayamba mu 1948 ndi dzina la American Society for Personnel Administration linasanduka Society for Human Resource Management (SHRM) mu 1989.

Sichinali chikwangwani chokha chimene chimasintha. Wa pasonelo wakale, amene madala ogwira ntchito m'boma akumukumbuka bwino, ankasunga mafayilo, kuwerengera masiku a tchuthi ndi kulemba makalata. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi a ku Harvard ndi Michigan anayamba kuphunzitsa kuti anthu ndi chuma cha kampani, chofunika kuchikonzera mapulani ngati momwe amachitira ndi ndalama kapena makina. Mu 1997 katswiri wa HR Dave Ulrich anagawa ntchitoyi panayi: kuthandiza akuluakulu kukonza tsogolo la kampani, kuyendetsa bwino za muofesi, kuyankhulira antchito, ndi kutsogolera pakakhala kusintha. Munthu mmodzi, mitolo inayi.

Fanizo lapafupi ndi la nkhoswe. Wa HR amakhalapo pomanga ukwati, amaitanidwa zikavuta, ndipo ukatha amaonetsetsa kuti aliyense wachoka ndi zake. Kusiyana kwake n'kwakuti m'banja mbali iliyonse imakhala ndi nkhoswe yake, pomwe wa HR amakhala mmodzi, ndipo malipiro ake amachokera mbali imodzi. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso.

Kutha ntchito n'kutani?

Mawu amene ali pakati pa nkhani yonseyi, Angerezi amati competence. Ife tingati kutha ntchito. Mawuwa anatchuka kuchokera mu 1973, pamene David McClelland, katswiri wa maganizo a anthu ku Harvard, analemba nkhani yotsutsa chizolowezi chosankha anthu potengera magiredi ndi mayeso oyesa nzeru. Iye ankati zimenezi zimalosera bwino momwe munthu adzakhozere kusukulu, osati kwenikweni momwe adzagwirire ntchito. Njira yake inali yakuti upite pamalo a ntchito, upeze amene akuchita bwino koposa ndi amene akungokwanitsa, onse uwafunse kuti akusimbire zimene anachita pa nthawi yeniyeni imene zinthu zinathina, kenako uone chimene chikuwasiyanitsa. Akatswiri ena anamutsutsa pa zimene ananena zokhudza mayeso a nzeru, ndipo mkangano umenewo sunazime. Koma njira yake inafala, makamaka Richard Boyatzis ataigwiritsa ntchito pofufuza mamanijala mu 1982.

Masiku ano kutha ntchito amakugawa patatu: chidziwitso, luso ndi khalidwe. Taganizani za nsima. Mwana atha kuloweza kuti madzi ayambe afunda, uthire ufa wa phala, liwire, kenako uvundule. Chimenecho ndi chidziwitso. Kuti nsimayo ituluke yosalala pamafunika mkono umene wagwira mthiko kambirimbiri, ndipo limenelo ndi luso. Koma mupite naye pamaliro: mphika wa anthu mazana, nkhuni zonyowa, amayi khumi aliyense ndi maganizo ake, adzukulu akudikira kumanda. Pamenepo pamafunika chachitatu, kudziwa chimene chiyambe, kudekha, kulamula anthu akuluakulu osawakhumudwitsa.

Yunivesite imalitha bwino gawo loyamba. Lachiwiri ikhoza kuliyamba ngati ili ndi nthawi ndi zipangizo. Lachitatu ndi limene limavuta, chifukwa kulimba mtima sikuoneka papepala la mayeso a maola atatu. Olemba ntchito akamadandaula, kawirikawiri amakhala akunena za gawo lachiwiri ndi lachitatu. Aphunzitsi akamadziteteza, amakhala akunena za loyamba. N'chifukwa chake atha kukangana tsiku lonse, aliyense akunena zoona.

Mapu a luso, ndi amene amawajambula

Bungwe la akatswiri limalemba chikalata chosonyeza zimene munthu wa ntchitoyo ayenera kudziwa, kuchita, ndi momwe ayenera kukhalira pa msinkhu uliwonse. CIPD imachitcha mapu, ndipo amene ikugwiritsa ntchito pano anatuluka mu 2018. M'mapumo muli chidziwitso chimene wa HR aliyense ayenera kukhala nacho, monga kumvetsa momwe bizinesi imapezera ndalama ndi momwe zinthu zimasinthira pamalo a ntchito. Muli nthambi za ukatswiri, monga malipiro, ubale wa antchito ndi owalemba, ndi kusanthula ziwerengero za antchito. Mulinso makhalidwe 8, ndipo limodzi mwa iwo ndi kulimba mtima pantchito, ndiko kutha kuuza wamkulu zoona ngakhale zisamusangalatse. N'chimene chija chimafunika Lolemba lija.

Pali chinthu china m'mapumo chimene ambiri amachiphonya, chonsecho n'chimene chimamasula mbali yaikulu ya mkanganowu. Mapuwo ali ndi misinkhu inayi: Foundation, Associate, Chartered Member ndi Chartered Fellow. Munthu amene wamaliza masters yovomerezedwa ndi CIPD, atalembetsa ngati membala wophunzira, amalowa pa msinkhu wa Associate. Kuti akwere kukhala Chartered ayenera kusonyeza umboni wa zimene wachita pantchito yeniyeni ndi chimene chinasintha chifukwa cha iye. Ndiye kuti ngakhale eni mapuwo amavomereza kuti kalasi ili ndi malire. Wolemba ntchito amene akuyembekeza kuti mwana wa digiri yoyamba achite za munthu wa zaka khumi pantchito akuwerenga mapuwo chadodolido.

CIPD si yokha. SHRM ili ndi chikalata chake chimene chimasiyanitsa ukatswiri wa HR ndi makhalidwe a pantchito, ndipo mayeso ake amakhala ndi mafunso okuika pamalo ovuta n'kukufunsa chimene ungachite. Ku South Africa, SABPP, imene ndi bungwe la akatswiri a HR ndipo inayamba mu 1982, inatulutsa mapu ake mu 2012, ndipo mu 2013 inawonjezera muyeso wa dziko lonse wa magawo 13 woyezera momwe kampani ikuyendetsera za antchito. Ulrich ndi mnzake Wayne Brockbank akhala akubwereza kafukufuku wa luso la anthu a HR kuyambira 1987, ndipo pafupifupi ulendo uliwonse mndandanda wa zofunika umatuluka utasinthako.

Mapu otere tingawafanizire ndi sikelo. Ogula ndi ogulitsa amasiya kukangana pakakhala sikelo imene a Malawi Bureau of Standards aiyesa n'kuidinda. Koma fanizoli limathera panjira. Kilogalamu ya ku Limbe ndi yomweyo ya ku Karonga, chaka chino ndi chaka chamawa. Sikelo ya luso imapangidwa ndi anthu a ntchito yomweyo, ndipo imatsata mphepo ya nthawi. Mu July 2024 SHRM inalengeza kuti ikuchotsa mawu akuti equity, ndiko kuti chilungamo pogawa mwayi, pa mutu wa ntchito yake yolimbikitsa kuti anthu a mitundu yonse azilandiridwa pantchito, ndipo mamembala ake ambiri anakwiya. Mphunzitsi amene anali atangokonza kumene silabasi motsatira mawu akalewo anayenera kudzifunsa kuti atsate ziti.

Kugwirizanitsa: chimene chimachitika m'dipatimenti

Tsopano tifike pa mawu enieni a nkhaniyi. Kugwirizanitsa maphunziro ndi zofuna za akatswiri ndiko kukonza silabasi, kaphunzitsidwe ndi mayeso kuti wophunzira akamatuluka akhale atafika pa msinkhu wina wa mapu aja. Ganizo lake limadalira kwambiri zimene katswiri wa zamaphunziro John Biggs analemba mu 1996: yambani mwanena chimene wophunzira ayenera kutha kuchita pomaliza, kenako kaphunzitsidwe ndi mayeso zonse ziloze komweko. Ngati cholinga n'chakuti athe kuyendetsa mlandu wa mwambo, musamuyese pomufunsa kuti atchule masitepe ake. Muikeni pampando, mnzake akhale dalaivala, wina abwana, muone.

M'dipatimenti ntchitoyi imaoneka motere. Aphunzitsi amajambula tebulo lalikulu, mbali imodzi makosi onse a digiri, mbali inayo mfundo za mapu. Amachonga pamene kosi ikukhudza mfundo. Pamene patsala mpata amawonjezera phunziro kapena kusintha mayeso. Bungwe la akatswiri limaunika, ndipo likakhutira limapereka chidindo chimene yunivesite imaika pazotsatsa zake. Ku Britain CIPD imachita zimenezi ndi mayunivesite ambiri. Ku America SHRM yakhala ikusindikiza buku lotsogolera okonza silabasi kuyambira 2006, ndipo imazindikira madigiri amene akugwirizana nalo.

Apa pali zidindo ziwiri zimene makolo ndi ophunzira amasokoneza. China ndi cha boma, chosonyeza kuti sukuluyo ndi digiri yake n'zenizeni. Kwathu kuno ntchito imeneyo ndi ya National Council for Higher Education, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Chinacho ndi cha bungwe la akatswiri, chosonyeza kuti zimene zikuphunzitsidwazo zikufanana ndi zimene a ntchitoyo amafuna. Digiri itha kukhala ndi choyamba popanda chachiwiri n'kukhalabe digiri yabwinobwino.

Kuchonga m'tebulo kuli ndi msampha wake, ndipo aliyense amene anakhalapo m'komiti yokonza silabasi amaudziwa. Kosi ya makhalidwe abwino pantchito itha kuchongedwa kuti ikuphunzitsa kulimba mtima, chonsecho zimene zimachitika ndi mphunzitsi kuwerenga manotsi kwa anthu 200 ndipo iwo n'kuloweza. Papepala zagwirizana, m'kalasi palibe chasintha. Sikuti aphunzitsi ndi achinyengo ayi. Kusewera mlandu wa mwambo kumafuna timagulu ting'onoting'ono, zipinda zingapo ndi maola ambiri ochonga, zinthu zimene dipatimenti ya aphunzitsi asanu ilibe.

Vuto lina ndi nthawi. Zili ngati telala amene wamuyeza mwana lero koma yunifolomu akaipereka patatha zaka zinayi. Silabasi imatenga nthawi kuti idutse m'makomiti onse, wophunzira amakhala pasukulu zaka zina zinayi, pomwe malamulo sadikira. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha Employment Act n'kuikamo tchuthi cha masabata awiri cha abambo mkazi akabereka. Amene anaphunzira ndi manotsi a 2019 anatuluka osachidziwa. Tsobola wakale sawawa.

Kodi a pantchito ndiwo amadziwa zoona nthawi zonse?

Mawu akuti kugwirizanitsa amamveka ngati kuti yunivesite ndiyo yasokera ndipo iyenera kubwerera m'njira. Aphunzitsi ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Mu 2002 wofufuza Sara Rynes ndi anzake awiri, Amy Colbert ndi Kenneth Brown, anafunsa anthu 959 ogwira ntchito ya HR ku America kuti anene ngati ziganizo 35 zinali zoona kapena zabodza. Chiganizo chilichonse chinali ndi yankho limene kafukufuku anali atalipeza kale. Pa avereji anakhoza pafupifupi 20, ndipo analakwitsa kwambiri pa nkhani ya kasankhidwe ka anthu olembedwa ntchito, imene ili pamtima penipeni pa ntchito yawo.

Tengani intaviyu. Kafukufuku wa zaka zambiri wasonyeza kuti intaviyu yokonzedwa bwino, ya mafunso ofanana kwa onse ndi kachongedwe kogwirizana, imalosera bwino kagwiridwe ka munthu kuposa yongocheza. Komabe mabwana ambiri amakhulupirira diso lawo: "Ine munthu ndimangomuona polowa pakhomo." Yunivesite ikangotsata zimene zikuchitika m'maofesi, idzaphunzitsa ana kubwereza zolakwika za akuluakulu awo mwaukadaulo. Aphunzitsi ena amawonjezera kuti wophunzira ayenera kumvanso mbali ya antchito, mbiri ya masitalaka ndi mabungwe awo, ndi funso lakuti kodi kutcha munthu chuma cha kampani n'koyenera. Nkhani ya nkhoswe yolipidwa ndi mbali imodzi ija yabweranso. Mapu amene ajambulidwa pofunsa mabwana amakokera kwa mabwana, ndipo kalasi mwina ndi malo okhawo amene wa HR wam'tsogolo angafunse mafunso oterewa popanda kuopa malipiro ake.

Olemba ntchito nawo amayankha kuti zonsezo n'zabwino, koma malipiro ayenera kutuluka pa 25. Munthu amene sangathe kuwerengera msonkho wa PAYE, kapena kudula 5 peresenti ya penshoni kwa wantchito n'kuwonjezera 10 peresenti ya kampani, nzeru zake zotsutsa sizithandiza aliyense mwezi ukatha.

Mapu a kwina, njira za kwathu

Mapu a CIPD ndi SHRM amalembedwa kuti agwire ntchito paliponse, ndipo amathandiza kwambiri munthu amene akufuna ntchito m'mabungwe akunja kapena amene wasamukira ku London kapena Johannesburg. Koma HR ndi ntchito yomera m'nthaka. Malamulo ake ndi a dziko lililonse palokha. Wa HR wa ku Malawi ayenera kudziwa Labour Relations Act ya 1996 imene imafotokoza kayendetsedwe ka Industrial Relations Court, khothi la milandu ya zantchito, ayenera kudziwa kuti wogwira ntchito masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka pomwe wa masiku 5 ali ndi 15, ndiponso kuti Gender Equality Act ya 2013 imati polemba anthu m'boma amuna kapena akazi asachepere 40 peresenti kapena kupitirira 60. Zimenezi sizili m'mapu a ku Britain.

Ndipo pali zina zimene sizili m'lamulo lililonse. Mlonda akubwera muofesi, chipewa chili m'manja: "Bwana, amayi andisiya." Mukutsegula fayilo, mukupeza kuti kampani inagula kale bokosi la amayi ake zaka zitatu zapitazo. Buku lochokera kunja lingakuuzeni kuti apa pali chinyengo. Munthu wa kuno amadziwa kufunsa modekha, ndipo amamva kuti amene amwalira lero ndi mayi aang'ono, amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Malamulo a kampani amatchula mayi mmodzi. Chichewa chimatchula angapo. Kupeza njira yosaphwanya malamulo a kampani, yosatsegula khomo loti aliyense azibwera ndi maliro mwezi ndi mwezi, komanso yosamuchititsa manyazi munthu wolira, kumeneko ndiko kutha ntchito. Chimodzimodzi wa HR wa paesiteti ya tiyi ku Thyolo kapena Mulanje, amene amalemba anthu ambirimbiri nyengo yothyola ikafika, zosowa zake n'zosiyana ndi za mnzake wa kubanki ku Blantyre.

Ndiye yunivesite ya kuno ikati igwirizanitse maphunziro ake, funso loyamba ndi lakuti igwirizane ndi ndani: mapu akunja amene amatsegula zitseko zakutali, Institute of People Management Malawi imene imasonkhanitsa a ntchitoyi kuno, kapena dipatimenti ya boma yoona za ogwira ntchito m'boma, poti boma ndilo limalemba anthu ochuluka kuposa kampani iliyonse.

Chilolezo: kodi aliyense angakhale wa HR?

Ntchito zina zinathana nalo kalekale vuto la malire a digiri. Dokotala akamaliza sukulu amayamba wagwira ntchito moyang'aniridwa asanalembedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi. Wa malamulo ali ndi maphunziro ena a kachitidwe ka ntchito asanaimirire m'khothi. Owerengera ndalama ali ndi mayeso awo a ICAM kapena ACCA. Onsewa amavomereza kuti pakati pa gauni ndi ukatswiri pali mlatho, ndipo amadziwa mwini mlathowo.

Pa HR maiko anagawanika. Ku Britain ndi ku America palibe lamulo lokakamiza munthu kukhala membala wa CIPD kapena SHRM. Mphamvu ya mabungwewa imachokera kumsika, poti olemba ntchito ambiri amafuna pepalalo. Zambia inasankha njira ina: Zambia Institute of Human Resource Management inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1997, lamulo latsopano linabwera mu 2022, ndipo wogwira ntchitoyi amayenera kulembetsa ndi kukhala ndi setifiketi yomuloleza. Kenya inachita chimodzimodzi mu 2012, n'kuikanso bungwe lapadera loyendetsa mayeso. Pamene pali lamulo lotere, yunivesite imakakamizika kumvera, chifukwa palibe kholo limene lingalipirire digiri yosatsegula khomo la ntchito.

Okonda njira ya chilolezo amati imateteza antchito kwa munthu amene wangopatsidwa ofesi ya HR chifukwa ndi mphwake wa bwana, komanso imamupatsa wa HR poimira akamakana lamulo loipa, poti atha kunena kuti chilolezo chake chili pachiswe. Otsutsa amati ndi chiphaso cha galimoto pa ntchito imene ambiri amaiyendetsa bwino popanda chiphaso, kuti ndalama za umembala chaka ndi chaka zimatsekera kunja ana a anthu osauka, ndiponso kuti bizinesi ya antchito khumi singakwanitse kulemba katswiri.

Mabungwe a akatswiri nawonso ali ndi mimba. Ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, mayeso a HR ankayendetsedwa ndi bungwe lina, HRCI, imene inabadwa kuchokera m'bungwe lomwe pano ndi SHRM. Mu 2014 SHRM inalengeza kuti iyamba masetifiketi akeake, ndipo mayeso oyamba anachitika mu 2015. Inati akale aja amayesa kwambiri chidziwitso osati kutha ntchito. Ena anaona kuti nkhani inalinso ya ndalama za mayeso. Ophunzira ndi aphunzitsi anatsala pakati, osadziwa pepala loti alondole. Mapanga awiri avumbwitsa.

Atachimenti

Mbali zonse zimagwirizana kuti mankhwala amodzi ndi kutumiza wophunzira kuntchito asanamalize. Mayunivesite ena a ku Britain amapereka chaka chathunthu cha zimenezi pakati pa digiri. Vuto la HR n'lakuti ntchito yake yeniyeni ndi yachinsinsi. Malipiro a anthu, makalata a kuchipatala, milandu ya nkhanza kwa amayi, palibe angapereke mafayilo amenewa kwa mlendo wa masabata asanu ndi atatu. Mwana amathera pamakina a fotokope ndi kusanja ma CV, n'kubwerera kusukulu ndi fomu yodindidwa kuti anachita bwino.

Zimene zidakali poyera

Funso loyamba ndi la mwini mlatho. Ngati digiri imatulutsa woyamba ntchito osati katswiri, ndani alipire zaka ziwiri kapena zitatu zomusula: kampani imene ikuopa kuti akadziwa ntchito athawira kwina, yunivesite imene ilibe ndalama, bungwe la akatswiri, kapena mwanayo ndi makolo ake?

Lachiwiri ndi la khalidwe. Kodi kulimba mtima ndi chilungamo zingaphunzitsidwe ndi kuyesedwa m'kalasi, kapena kalasi ingangodzala mbewu? Ndipo mtsikana wathu uja akalimba mtima n'kuwauza abwana kuti dalaivala ayambe wamvedwa, iwo n'kumuchotsa iyeyo nthawi yoyesedwa isanathe, mapuwo amuteteza bwanji?

Palinso funso la umboni. Mayunivesite amalengeza kuti digiri yawo ndi yogwirizana ndi mapu akutiakuti, koma kuchonga m'tebulo ndi chinthu china, kusonyeza kuti otuluka kumeneko amagwira bwino ntchito kuposa anzawo ndi chinanso. Kuyeza kwake kungafune kuwatsata kwa zaka zambiri, ndipo tingayambe tagwirizana kuti wa HR wabwino timamudziwira pati: kuchepa kwa milandu ku Industrial Relations Court, phindu la kampani, kapena zimene antchito amanena iye akatuluka m'chipinda?

Kenako pali makina. Mapulogalamu a pakompyuta akuwerengera kale malipiro ndi tchuthi, ndipo AI, nzeru ya makompyuta yotsanzira ya munthu, yayamba kusefa ma CV ndi kulemba makalata. Zambiri mwa zimene olemba ntchito akudandaula lero kuti ana sakuzitha ndi zomwezo zimene makina akutenga. Amene alowe chaka choyamba chaka chino, telala amuyeze ndi muyeso wa ofesi ya lero kapena wa ofesi imene akaipeze patatha zaka zinayi?